Chimene Chinkazimitsa Njinga ya Che Hamadi

Nkhaniyi ndinaimva kwa a Wyson, mlonda wa pa siteshoni ya Nkaya. Iwo amati anaimva kwa eni ake enieni. Ine ndingoipereka m'mene anandipatsira.

Panali patapita masiku anayi chiikire maliro a Che Hamadi pamene alamu awo, Che Mohamedi, anatulutsa njinga yamoto ya malemuwo kuseri kwa nkhokwe, naikankhira pakati pa bwalo. Anaiimika pamaso pa Nasiru, mwana woyamba wa malemu, kenako anapukutira manja pa mkanjo wawo.

"Nayi. Makaniko ndiwe. Uitsegule, ndipo Lachitatu pa sadaka udzatiuze chimene chinapha bambo ako."

"Amalume, achipatala ananena kale kuti ndi mtima."

"Mtima unangoima wokha? Munthu wamkulu kukankha chitsulo ichi, thumba la nandolo pamwamba, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, iwe n'kumati mtima? Anawakankhitsa ndani?"

Nasiru anayang'ana njingayo. Anali ndi galaja yake ku Liwonde, pafupi ndi pokwerera maminibasi, ndipo anyamata a kabaza kumeneko ankamutcha dokotala. Koma njinga ya bambo ake omubala inali itatha miyezi isanu ndi itatu ikudwala nthenda imene iye sanaipeze. Inkalira bwinobwino m'mawa, n'kuyenda ngati yatsopano. Ikafika kutali ndithu inkayamba kutsokomola, kugwedezeka, kenako zii, yazima. Che Hamadi ankatsika n'kuikankha mpaka, monga ankanenera iwo, itapumula. Akaiponda kiki inkaliranso ngati palibe chachitika. Tsiku lomaliza amayi ochokera ku mjigo anawapeza atagona pambali pake mumsewu wafumbi wopita ku Balaka, dzanja limodzi lili pa chiwongolero.

Funso la amalumewo linali ndi yankho kale, ndipo yankholo analipereka ndi Nasiru yemwe. Anthu akuchokera kumanda, wina anamufunsa kuti njinga ya bambo a makaniko inkavuta chiyani. Iye, posafuna kuoneka wolephera, anati: "Ndi mafuta amadzi amene ankagula aja." Mawu ochepa, koma aliyense ankadziwa kumene Che Hamadi ankagula petulo. Ankagula pakhomo pawo pomwe, kwa Jasten, mwamuna wa mwana wawo Sofia, amene ankagulitsa petulo wa m'mabotolo pamphambano.

Jasten anali mkamwini wochokera ku Phalula, Mkhristu pakati pa Asilamu. Che Mohamedi sanamufune chiyambire. Amene ankamutchinjiriza anali malemuwo. Tsopano Che Mohamedi, monga mwini mbumba, anali atanena poyera kuti sadaka ya masiku asanu ndi awiri ikangotha, Jasten amange katundu azipita kwawo, Sofia ndi ana atsale.

Nasiru atayamba kumasula mpando wa njinga, Sofia anabwera ndi beseni limene anamutuma. Analiika pansi koma sanachoke.

"Achimwene, mwamuna wanga waika kale zovala m'thumba."

"Ndamva."

"Sakudya. Akungowaza nkhuni za sadaka kuyambira m'bandakucha. Ndikamufunsa akuti zisiye." Anatsitsa mawu. "Inu munawaona madziwo ndi maso anu?"

"Sofia, ntchito imeneyi ndaigwira zaka khumi ndi ziwiri."

"Sindinafunse zaka."

"Ndiye tandisiya ndigwire ntchito. Ukundiimira pa dzuwa."

Atachoka mlongo wakeyo, Nasiru anatsitsira petulo yense wa m'thanki m'mabotolo oyera. Madzi sabisala mu petulo, amakhala pansi ngati dontho la mafuta ophikira lotembenuka. Anakweza botolo loyamba padzuwa, nalipendeketsa pang'onopang'ono. Loyera. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu, la pansi penipeni pa thanki, analiyang'ana nthawi yaitali kuposa ena, akufunitsitsa kuona ngakhale kadontho. Munalibe.

Anamasula kabuleta, naitsukira m'beseni. Munali kafumbi kochepa chabe. Anachotsa pulagi, naigunditsa pa injini, n'kuponda kiki. Moto unathetheka wobiriwira bwino. Pulagiyo anaiika yekha miyezi iwiri yapitayo, yachitatu chiyambire vutolo. Anagwedeza mawaya onse limodzilimodzi, kuchokera pa kiyi mpaka ku koilo. Palibe lomasuka.

Che Mohamedi anali atakhala pakhonde akusenda chinangwa.

"Wapeza?"

"Ndiyambe ndaiyendetsa, amalume. Nthenda yake imabwera panjira."

"Uyendetse. Koma usathiremo mafuta a mlamu wakoyo, tingaike maliro awiri sabata imodzi."

Nasiru anabwezera m'thanki petulo yemwe uja, nauyamba wa ku Balaka.

Inali nthawi yoyamba kuikwera njingayi ulendo wautali. Ku galaja ankangoiliza, kuizungulitsa kamodzi pa depoti, n'kuibweza kwa mwini wake. Mpando unali utafwifwa, utatenga maonekedwe a munthu wina. Anadutsa minda ya thonje yotsala mapesi okhaokha, anadutsa mlambe wa pa sukulu, anawoloka kamtsinje kouma. Njinga inkayenda mokoma moti anayamba kuganiza kuti mwina kutsuka kabuleta kwathandiza. Ali m'maganizo omwewo, inatsokomola. Anawonjezera moto. Inagwedezeka kawiri, n'kuzima.

Pamalopo panalibe mthunzi ngakhale wa chitsamba. Kutentha kunkachokera kumwamba ndi pansi pomwe. Nasiru anaponda kiki kasanu, thukuta likulowa m'maso. Anagwira koilo poganiza kuti yatentha, koma inali yofunda monga mwa nthawi zonse. Anayesa pulagi, moto unalipo. Ndiye anazula kapayipi kochokera ku thanki kupita ku kabuleta. Panayenera kutuluka petulo wothamanga. Panatuluka dontho limodzi, lachiwiri, basi.

"Watha bwanji, poti ndathira ndekha?" anadzifunsa mokweza.

Anapotokola chivindikiro cha thanki kuti asuzumire. Chitangomasuka, thanki inakoka mpweya, fyuuu, ngati munthu amene anamutseka pakamwa. Nthawi yomweyo petulo anatumphuka pa kapayipi kaja n'kumunyowetsa buluku.

Nasiru anabwezera kapayipiko. Izi amazidziwa ngakhale wophunzira wa mwezi umodzi. Thanki imapuma. Pa chivindikiro pamakhala kabowo ngati ka singano, kolowera mpweya petulo akamatsika. Kabowoko kakatsekeka, petulo amatsika kwa kanthawi, kenako amakakamira m'mwamba, injini n'kufa ndi ludzu thanki ili yodzaza. Ukaisiya nthawi, mpweya umalowa pang'onopang'ono, njinga n'kuliranso.

Anatembenuza chivindikirocho. M'kati mwake munali kamphira kakuda kozungulira, kodulidwa ku chubu chakale, m'mbali mwake mokhotakhota. Anakazindikira monga munthu azindikira zolemba za dzanja lake.

Linali Lachisanu la mwezi wa Febuluwale. Bambo ake anafika ku galaja atavala mkanjo woyera, pamiyendo pali banga la petulo. Anati chivindikiro chikudontha, sangalowe mumzikiti akununkha choncho. Pa galaja panali podzaza. Panali bwana wina wa bungwe amene anabweretsa njinga zinayi zatsopano, ndipo anyamata a kabaza anayamba kuseka: "Dokotala, agogo awa abwera ndi chitsulo cha nthawi ya atsamunda!" Nasiru sanawauze kuti agogowo ndi bambo ake. Anatola chubu pansi, nadula kamphira ndi sizasi, n'kukakanikizira m'chivindikiro. Sizinathe ndi mphindi ziwiri zomwe. "Basi, sichidonthanso. Pitani mungachedwe ku mapemphero a Juma." Sanawapatse ndi mpando womwe.

Bambowo anabweranso katatu. Katatu konse anawasinthira pulagi ali chiimire. Ulendo womaliza anawafunsa kuti petulo amagula kuti, ndipo atati kwa Jasten, iye anati, "Ndiye mukufunsiranji?"

Anakhala pansi m'fumbi lotentha, chivindikiro chili m'manja. Kenako anakolowola kamphirako ndi sikuludilaiva, naimirira, n'kukaponya kutali m'udzu. Njinga inalira pa kiki yoyamba. Anatembenuka kulunjika kumudzi. Palibe anaona. Akanatha kukanena kuti watsuka kabuleta ndipo njinga yachira, anthu akanamva zimene ankafuna kumva.

Sanapite patali. Anaima, nabwerera, n'kuyamba kukwawa m'udzu wouma, chisoso chikumata malaya, minga ikulasa mawondo. Mayi wina wosenza makala anaima n'kumufunsa ngati wataya ndalama. Anati iyayi. Atakapeza kamphira kaja anakaika m'thumba la malaya. Sanali atatsimikiza kuti akanena. Kungoti kukasiya kumeneko kunamukanika.

Ali m'njira, ganizo lina linamulasa koposa minga ija. Munthu amene ankatsegula chivindikirocho kawirikawiri, njinga itangochokera ulendo, anali wothira petulo. Jasten anali ataumva mpweya umenewo kambirimbiri.

Masiku awiri otsatirawo Nasiru anawatha ngati mlendo pakhomo pa bambo ake. Amalume akamufunsa ankati akufufuzabe. Jasten ankatunga madzi, kukhoma chisakasa cha alendo, kusenza matumba a mpunga, ntchito ya sadaka ya chipembedzo chimene sichinali chake. Pa chakudya, ndiye ankabweretsa madzi osamba m'manja. Ankagwada pamaso pa Nasiru n'kumuthirira, maso ali pansi.

"Sambani, alamu."

Nasiru ankasamba, n'kudya pang'ono chabe, n'kudzuka.

Lachitatu anthu anadzaza bwalo. Ashehe anatsogolera pemphero la dua, mpunga ndi nyama ya mbuzi zinagawidwa. Alendo ali pa chakudya kumaso, Che Mohamedi anaitanira abale kuseri kwa nyumba. Anakhala pa mphasa pafupi ndi khomo lakumbuyo, kuti mayi a Nasiru, a Lukiya, amene anali pa eda osaloledwa kutuluka, azimva ali kuseri kwa nsalu yotchinga pakhomo. Jasten anakhala payekha pa njerwa. Sofia anakhala pakati, osati kwa abale ake, osatinso kwa mwamuna wake.

"Sitichulukitsa mawu," anatero Che Mohamedi. "Mlendo tinamulandira, tinamupatsa malo, tinamupatsa mwana wathu. Iye watibwezera maliro. Nasiru, njinga waitsegula. Mafuta anali ndi madzi. Nena anthu amve."

Pankangofunika kugwedeza mutu. Nasiru anayang'ana Jasten, akuyembekeza kuti mwina adzitchinjiriza, aloze chala, akuwe, chilichonse chimene chikanapeputsa zinthu. Jasten ankangoyang'ana zala za kumapazi ake.

"Munalibe madzi," anatero Nasiru. Mawu anatuluka aang'ono.

"Wati chiyani?"

"Petulo anali wabwino, amalume."

Anatulutsa kamphira kaja, nakaika pa mphasa. Anafotokoza za kabowo, za mpweya, za Lachisanu lija. Ananenanso za anyamata a kabaza, ndi kuti sanawauze kuti munthu amene ankamusekayo ndi bambo ake. Gawo limeneli palibe anamufunsa, koma atayamba sanathenso kulisiya.

"Ndinakaika ndine. Anakankha njinga miyezi isanu ndi itatu chifukwa cha ine. Alamu anga ndinawanamizira kuti anthu asanene kuti sindidziwa ntchito."

Kumaso kunkamveka mbale ndi kuseka kwa alendo. Che Mohamedi anatola kamphirako, nakatembenuza uku ndi uku, kenako anakakankhira pansi pa mphasa.

"Chabwino. Imfa ndi ya Mulungu. Tsiku la munthu likakwana lakwana, palibe amene angaliwonjezere. Achipatala anati ndi mtima, ndiye ndi mtima. Zimenezi zithere pompano, zisatuluke pa mphasa ino. Jasten, masula katundu wako, nkhani yatha."

"Yatha?" Sofia anadzuka, chitenje chikumasuka, n'kuchimanganso mwaukali. "Dzulo anali wakupha, lero poti ndi mwana wa mlongo wanu, yasanduka imfa ya Mulungu? Mudzi wonse ukumuloza chala. Sabata yathunthu palibe wagula ndi botolo limodzi. Ana anga akuuzidwa ku mjigo kuti bambo awo anapha agogo awo. Ndiye zithere pa mphasa?"

"Iwe Sofia, ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi amene munanena pabwalo, amalume. Simunanong'one."

"Ukufuna mchimwene wako atseke galaja? Nkhani ikafika ku Liwonde, ndani adzamupatsenso njinga?"

Nsalu ya pakhomo inagwedezeka pang'ono. Mawu a mayi a Lukiya anatuluka osasa, poti anali atalira sabata yonse.

"Nasiru."

"Mayi."

"Bodza unalinenera kuti?"

"Panjira ya kumanda, mayi. Pagulu."

"Anthu akewo ndi omwe akudya kumasowo. Sanapite."

Che Mohamedi anatsegula pakamwa, koma mlongo wawo anali atabwerera kale m'kati.

Nasiru anavundukula mphasa, natenga kamphira kaja. Kuchokera kuseri kwa nyumba kufika kumaso ndi mapazi makumi awiri, koma a Wyson amati iye anafika ngati wachokera ku Liwonde wapansi. Anaima pafupi ndi ashehe, napempha kuti alankhule. Anthu anasiya kudya, ena mpunga uli m'manja. Ananena zonse kachiwiri, maso ali pa fumbi. Panalibe womukuwiza, panalibenso womutonthoza. Nkhalamba ina inangoti, "Astaghafirullah," n'kupukusa mutu. Anyamata awiri a kabaza amene anabwera kudzapepesa kuchokera ku Liwonde anayang'anana. Nasiru anawaona, ndipo anadziwa kuti mawa lisanafike nkhaniyo idzakhala itawoloka Shire.

Alendo atabalalika, dzuwa likadalipo, Nasiru anamupeza Jasten pafupi ndi nkhokwe akutsuka miphika ikuluikulu yobwereka ku mzikiti. Njinga inali chiimire pambali pake. Nasiru anaima kanthawi, kenako anagwada pa dothi lonyowalo.

"Iyayi, alamu, dzukani. Anthu aona."

"Aone. Inu munkadziwa."

Jasten anapitiriza kukwecha mphika ndi mchenga.

"Ndinkamva. Ndikangotsegula inkachita fyuu. Ine sukulu ya njinga sindinapite, koma zigubu ndimakhala nazo tsiku ndi tsiku. Chigubu chosapuma sichithira."

"Bambo munawauza?"

"Kawiri. Koyamba anangoseka. Kachiwiri ndinati, bambo, tangochotsani kamphiraka tione. Anakwiya. Chikwatire muno sanandikalipirepo, koma tsiku limenelo anandikalipira. Anati iwe thira mafuta, za njinga usiyire amene anaphunzira. Kenako anandigwira dzanja, anati mawu amenewa asadzatuluke m'kamwa mwako kwa munthu wina aliyense. Ndinavomera."

"Ndiye mukanapita ku Phalula osanena? Kusiya ana?"

"Akanandimvera ndani? Mkamwini kuloza mwana wa malemu, manda asanaume?" Anathira madzi mumphika, nawakhuthula. "Komanso ndinali nditawalonjeza. Munthu akamwalira sungapite kukamuuza kuti bambo, lonjezo lija ndimasuleni."

Jasten anapukuta manja pa buluku, nayandikira njinga ija.

"Mukudziwa, sankalola kuti nditseke ndine. Ndikathira, ankalanda chivindikiro n'kutseka okha, pang'onopang'ono, chonchi." Anachipotokola mpaka chinagwira. "Akatero ankayendetsa chala mozungulira, n'kuchinunkhiza, kenako n'kuchionetsa aliyense amene waima pamphambano, ngakhale wongodutsa. Ankati, taonani, pouma. Ngakhale dontho. Mwana wanga wa ku Liwonde ameneyo."

Jasten anali atakweza chala chake m'mwamba monga ankachitira malemuwo. Anachitsitsa msanga, nabwerera ku miphika yake.

A Wyson amathera pamenepa, ndipo iwo amati mkulu uja anali wamakani chabe, sanakhulupirire kuti mwana wake angalakwitse. Apa ndi pamene ine ndimakayika. Munthu amene wayenda pa njinga zaka makumi awiri, wauzidwa kawiri, ndipo mpweyawo ankaumva ndi makutu ake, sindikhulupirira kuti sanadziwe. Ndikuganiza kuti ankadziwa bwinobwino, ndipo anaona kuti kukankha n'kopepuka kusiyana ndi kukauza mwana wake pamaso pa anyamata aja.